Chuku m'Phapo la Jamilu

Jamilu, telala wa pa Chonde, anali pamakina ake akusoka yunifolomu pamene anamva ngati wina wamubaya m'nthiti, mpweya n'kumuthawa. Mkazi wake Husna anathamanga naye kuchipatala cha pa Boma, komwe anawauza kuti phapo lakumanja labooka n'kuphwa. Anamulowetsa paipi m'nthitimo, yotsikira m'botolo la madzi.

"Thovu likasiya kutuluka m'botolomu, ndiye kuti bala latsekeka," anatero namwino.

Thovulo silinasiye. Masabata anatha, Jamilu akungoonda. Popeza adadwalapo TB kale, aliyense ankati yabwerera, koma makhololo atayezedwa sanapezemo kanthu. Mapeto ake anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Kumeneko dokotala wina wachizimayi anamujambula, namuyeza magazi, kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Bambo, TB ija inakusiyirani mphako m'phapo. M'menemo mwamera chuku, chonga chija chimagwira chimanga chosauma bwino. Ndicho chikuletsa bala kupola."

Jamilu anayang'ana kukhoma. "Chuku mwa munthu wamoyo? Ndiye kuti ndayamba kuola."

"Ayi, simunaole. Tidula kachigawo kodwalako, tisoke. Kenako mudzamwa mankhwala kwa miyezi ingapo, osadumphitsa."

"Mukasoke mowongoka, adokotala," anatero Husna. "Amuna angawa amadana ndi msoko wokhota."

Opaleshoni inatheka. Masiku oyamba ululu unali wosaneneka, ndipo mankhwala ankamuchititsa nseru, koma Husna sankamusiya mpaka atameza. Pang'onopang'ono phapo linadzazanso. Dokotala uja anachotsa paipi, namuuza kuti azibwera kudzapimidwa.

Pobwerera kwawo anakwera minibasi ku Limbe. Kondakitala anayamba kukankhira thumba la feteleza kumbali kwa bala.

"Iwe mnyamata, maso ulibe?" anakuwa Jamilu. "Ukuyesa ndine katundu ine? Chotsa chithumba chakocho, ukachiike pamiyendo pako, apo ayi uime tonse titsike!"

Husna anaphulika kuseka, misozi ikutsika.

"Mukuseka chiyani, mayi a Hajira?" Jamilu anafunsa mkazi wakeyo.

"Mawu onsewo mwalankhula ndi mpweya umodzi, osatsokomola n'komwe."

Jamilu anagwira pachifuwa, nakoka mpweya wina mosamala. "Alhamdulillah," anatero chapansipansi, kuthokoza Mulungu. Kondakitala anachotsa thumba lija, ndipo mayi wina wa kumbuyo anawapatsira nthochi ziwiri.