Mkonono wa M'chigafa

Masana ena, amayi akusankha fodya m'chigafa pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru, munamveka mkonono waukulu ngati wa nkhalamba. Manja onse anaima. M'chigafamo munalibe mwamuna. Woliza mkononoyo anali Monalisa, mwana wa Anesi wa zaka zinayi, amene anagona pa ziguduli kukamwa kuli yasa.

Mwadzidzidzi mkonono unaduka. Chifuwa chinkakoka, koma mpweya sunkalowa. Anesi anamuthamangira. Kenako mwanayo anadzidzimuka, kupuma mwabefu, n'kugonanso.

"Ndi mmene ankalizira a Yakobo, alonda aja anafera muno," anatero mayi wina monong'ona. "Alowa mwa mwanayu."

Anesi anali mlendo wochokera ku Mulanje. Mumtima ankadziwa kuti mawu a Monalisa anasinthadi, ankalankhulira m'mphuno. Ukamuitana sankacheuka, ankangoyang'ana kutsogolo. Chakudya ankameza movutika. Amayi anayamba kuletsa ana awo kusewera naye, ndipo wina anauza Anesi za bambo wa ku Kabudula amene amachiza ana powadula kukhosi ndi lezala.

Pa tsiku la sikelo, Anesi anafotokozera zonse a Pilirani, alangizi a zaumoyo. Iwo anaunika kukhosi kwa mwanayo ndi tochi.

"Taonani nokha, mayi."

Anesi anaona tinyama tiwiri totupa, kena uku kena uku, titatsala pang'ono kukhudzana.

"Awa ndi matonsili," anatero a Pilirani. "Kuseri kwa mphuno kulinso kanyama kena kamene sitingakaone chonchi. Tinyamati tikakula kwambiri timatseka njira ya mpweya, mwinanso mwana samva bwino. Si mzimu ayi."

"Nanga za lezala zija?"

"Musayerekeze. Mwana angataye magazi mpaka kufa. Pitani naye kuchipatala."

Kuchipatala anayamba ndi mankhwala. Atapanda kuthandiza, anamutumiza mumzinda wa Lilongwe, kumene madokotala anachotsa tinyamato. Patapita masabata angapo, Monalisa ankadya bwino, kugona mwamtendere, ndipo mayi ake akamuitana ankayankha ali patali.

Tsiku lina Faith, woyandikana naye nyumba, anamukokera Anesi pambali. "Anzanga, wanganso amagona kukamwa kuli yasa. Ndinkaopa kunena."

"Mawa tipitira limodzi," anatero Anesi.

Mwana akamachita mkonono nthawi zonse, kupumira kukamwa kapena kubanika ali mtulo, musamubise ndipo musamudule kukhosi. Pitani naye kuchipatala msanga. Vutoli limachiritsika.