Chitseko Chotupa ndi Mapepala a Kutali

Mapepala atsopanowo anayenda pa sitima ya pamadzi, kenako pa lole, kuchokera ku dziko louma limene Mayi, mwini wa malo osindikizira mabuku, ankangolimva dzina. Anali oyera mbee. Koma chiwalowetsereni m'makina osindikizira mabuku, makinawo ankangowatafuna ndi kuwalavula atakwinyika.

Woyendetsa makinawo anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, munthu amene inki inakhazikika m'zikhadabo zake. Mayi ataimbira foni wa kampani yoitanitsa mapepala, anayankhidwa mwachidule: "Maiko ambiri akugula omwewa, Mayi, ndipo sadandaula. Sinthani munthu wa pamakina."

Mawuwo anawakhala pamtima. Ntchito inaima, makasitomala akudikira. Kodi amuchotsedi mlamu wawo, bambo wa ana amene iwo omwe ankawasambitsa ali makanda? Mayi sanali munthu wothamangira kuweruza. Anatenga pepala limodzi nalipenyetsetsa pawindo. Pakati linali losalala, koma m'mphepete linali lopindikapindika ngati lata.

"Alamu, analipinda ndani?"

"Kapena linachita chizungulire m'sitima muja," anatero mlamuyo, kuseka kwake kosafika m'maso. "Ine ndangolilowetsa basi. Ngati mwatopa nane, ingonenani."

"Ndikatopa nanu mudzamva. Panopa ndatopa ndi pepalali."

M'mawa mwake, mvula ikuwaza, chitseko cha chipinda chosindikiziramo chinakana kutseguka. Mayi anachikankha ndi phewa, kenako ndi bondo.

"Chatupanso," anatero mlamu ali kumbuyo kwawo. "Thabwa likamwa chinyezi limatero. Ndichipala mawa."

Mayi anaima, dzanja lili pachitseko. "Kodi pepala amapanga ndi chiyani?"

"Mitengo, alamu. Mwayamba mayeso?"

Mayi anakankhanso chitsekocho mpaka chinatseguka. Analowa mpaka pashelefu. Mitokoma inali yomasulidwa, mapepala ali pamtunda, chifukwa tsiku limene katunduyo anafika, Mayi anakopeka ndi zokutira zake zonyezimira mkati, nazigawa kwa oyandikana nawo kuti akutire makope a ana. Pansi penipeni panatsala mtokoma umodzi wosatsegula. Anaung'amba. Mapepala ake anali owongoka ngati galasi.

"Talowetsani awa."

Makina anayamba kulira, tchaka tchaka, osatsamwa ngakhale kamodzi. Mlamu anayang'ana makinawo, anayang'ana Mayi, kenako chitseko.

"Ndiye kuti mtengo umene unadulidwa kutsidya la nyanja ukumwabe madzi kuno?"

"Ukumwa, ndipo wayambira m'mphepete momwe mphepo ikuugunda." Mayi anasisita pepala lopindika lija ngati akulipepesa. "Kwawo kulibe chinyezi chotere. Mlendo tamuvula jekete asanazolowere nyengo."

"Tamuvula? Nenani bwino, alamu. Ine jekete sindinalikhudze."

"Chabwino, ndamuvula. Mwakhutira?"

"Ndikhutira mukamuimbiranso wa kampani uja."

Mayi anamuimbiradi, osati kukalipa, koma kufunsa ngati ku dziko lochokera mapepalalo kumagwa mvula nkomwe, ndiponso ngati mapepala otupa angawongokenso dzinja likatha. Bamboyo anati akafunsa kaye eni ake kutsidyako.

Masana mlamu anabwera ndi chopalira matabwa, koma Mayi anamuletsa.

"Chisiyeni chitsekocho. Tsiku limene chavuta kutsegula, tidziwe kuti kuli chinyezi, mtokoma tiutsegule pokhapokha makina akudikira."

"Nanga phewa lanu?"

"Muzifika inu koyamba. Ntchito si mukadali nayo?"