Mafuta a Padazi pa Mtsetse wa Klipnek

Pamwamba pa phiri la Klipnek panalibe mthunzi ngakhale woti buluzi n'kubisalamo. Wynand Mouton anaimitsa njinga n'kuponda pansi ndi miyendo yonse kuti mlamu wake atsike bwino. Inali njinga yaitali ya anthu awiri, ya zishalo ziwiri ndi mapedulo anayi. Wynand ankakhala kutsogolo, ndiye ankawongolera ndi kugwira mabuleki. Kumbuyo kunkakhala Sakkie Diergaardt, mwamuna wa mlongo wake, amene anasiya kuona zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo chifukwa cha matenda a shuga, koma miyendo yake inali ikadali ya mnyamata.

Linali tsiku lachiwiri chichokereni ku Rehoboth. Anagona pa famu ya mnzawo Barend, n'kunyamuka kusanache kuti akwere chitunda phiri likadawatchinga ku dzuwa. Tsopano dzuwalo linali litawapeza.

Wynand anavula chisoti n'kuyamba kupisa m'matumba.

"Mukufufuza chiyani alamu?" anafunsa Sakkie. "Ndikungomva zipi kulira."

"Kansalu kanga ka kumutu."

"Kaja munkachapa dzulo? Ndiye kali pawaya kwa a Barend, kakuuma bwinobwino."

"Bwanji osandikumbutsa?"

"Pepani, sindinakaone."

Wynand sanaseke. Tsitsi lake linatha ali ndi zaka makumi atatu, ndipo chisoti cha panjinga chili ndi mipata yolowera mphepo. M'mipatamo dzuwa limalowanso, n'kujambula mizere padazi ngati mbidzi. Kwa zaka zambiri ankangoseka nazo. Koma m'nyengo yozizira yapitayi dokotala anadula kabanga kakuda chapamwamba pa mphumi pake, n'kumuuza mosazungulira kuti chipsera chimenecho chisaonane ndi dzuwa. Kuyambira pamenepo ankavala kansalu mkati mwa chisoti, kamene kankatchinga dzuwa komanso kumwa thukuta.

Pansi pa chikwama anapeza chubu cha mafuta oteteza ku dzuwa chimene mwana wake wamkazi anaponyamo mwezi watha. Anali asanachitsegulepo. Anafinyira mafuta ambiri m'manja n'kupaka dazi lonse, ndipo pachipsera anaunjikapo mpaka panayera.

Sakkie ananunkhiza. "Kokonati! Tafika kale kunyanja?"

"Imwani madzi tizipita."

"Mwapakatu ngati nkhuku yopita mu uvuni. Komatu adazi anzanu amati mafuta asafike pamphumi."

"Tikutsika, alamu. Potsika munthu satuluka thukuta."

Anakwera. Wynand anawerenga mpaka katatu monga mwa masiku onse, ndipo anapalasa limodzi kawiri kokha, msewu n'kuyamba kuwakoka wokha.

Mtsetse wa Klipnek ndi wa miyala yotayirira, wopapatiza, wokhota ngati njoka. Kumanja kuli khoma la thanthwe, kumanzere kuli phompho lopanda mpanda. Panjinga yotere wakutsogolo amalankhula nthawi zonse kuti wakumbuyo adziwe kopendekera. Wynand anayamba ntchito yake.

"Kumanja pang'ono. Bampu. Tawongoka. Kumanzere, yaitali."

Pamakona atatu oyamba zonse zinayenda bwino. Kenaka mpweya wa m'chigwa unakwera kudzawachingamira, wotentha ngati wochokera m'ng'anjo. Kulemera kwa amuna awiri kunali m'zala za Wynand. Mikono inalimba, msana unanyowa, ndipo anamva kadontho koyamba kakutsika m'munsi mwa chisoti, kakuyenda pang'onopang'ono pamphumi, kakudutsa nsidze.

Kanalowa m'diso la kumanzere ngati tsabola.

Anaphethira. Zinaipiraipira. Anapukusa mutu, ndipo madontho ena anagwera pamagalasi n'kusiya chifunga choyera. Diso la kumanzere linatsinzina lokha, misozi ikutuluka. Anatsala ndi limodzi.

Anaganiza zoima. Anafinya mabuleki mwamphamvu, tayala lakumbuyo n'kuterereka, njinga yonse n'kugwedeza mchira cha kuphompho. Anamasula msanga. Pamalo otsetsereka chonchi, pamiyala yotere, njingayi sikanaima. Akanatha kungoichepetsa liwiro, ndipo zimenezo zinkafuna manja onse awiri. Akanachotsa dzanja limodzi kuti apukute m'maso, njinga ikanathawa nawo.

Sanamuuze Sakkie. Wakumbuyo akadzidzimuka n'kugwedezeka, wakutsogolo sangaigwire njinga. Anangoti afike pakona yachisanu ndi chimodzi, pamene pali kamchenga m'mbali mwa thanthwe. Yachinayi anali atangoidutsa, panatsala makona awiri.

Diso la kumanja linayamba kutentha.

Msewu unasanduka chinthu chotuwa chosambira m'madzi. Ankaona kuda kwa thanthwe mbali ina, kuwala mbali ina, ndipo ankayesetsa kukhala pakati. Akatsegula diso, ululu unkalitsekanso. Ankaona kamphindi, n'kuyenda mumdima kamphindi.

Tayala linagunda mwala. Onse awiri anadumpha pazishalo.

"Bampu imeneyo simunainene," anatero Sakkie.

Wynand analimbitsa manja pamabuleki.

"Alamu. Mwasiya kulankhula."

"Musagwedezeke," anatero Wynand. Mawu ake anatuluka owuma. "Mafuta alowa m'maso."

"Onse awiri?"

"Onse."

Matayala okha ndiwo ankalira pamiyala. Wynand anadikira kugwedezeka kuja, koma njinga inakhalabe yowongoka.

"Ndiye panjinga pano palibe woona," anatero Sakkie, mawu ake ali pansipansi ngati akufunsa mtengo wa shuga. "Chabwino. Manja anu asachoke pamenepo. Anga alibe ntchito. Ndikusiya chogwirira changa, mwamva? Dzanja lamanja loyamba."

Wynand anamva chifuwa cha mlamu wake chikutsamira pamsana pake mosamala. Dzanja linakwera paphewa, linapeza khutu, linapeza lamba wa chisoti, kenaka mwendo wa magalasi.

"Awa akupita."

Magalasi anachoka. Anawamva akugwa pamiyala kumbuyo.

"Thanthwe ndikulimva kumanja, lili pafupi," anatero Sakkie. "Phokoso la matayala likubwerera. Likatalikira ndikuuzani. Tsopano madzi. Tsinzinani, muwerenge kawiri, mutsegule."

"Sindingatsinzine, kutsogoloku kuli kona."

"Mwatsinzina kale, bambo inu. Werengani."

Madzi ofunda a m'botolo anamuwaza kumaso kuchokera m'mbali, ena m'mphuno, ena m'kamwa. Chala chachikulu cha Sakkie, chokhakhala, chinadutsa pachikope cha kumanja kuchokera kumphuno kupita kunja, kamodzi, kawiri. Njinga inapendekera kumanzere chifukwa cha kulemera kwa mkono uja.

"Thanthwe latalikira!" anakuwa Sakkie. "Kumanja! Kumanja!"

Wynand anapendekera kumanja asanaone kanthu. Tayala lakutsogolo linakwera miyala yofewa ya m'mphepete, linazengereza, n'kubwerera. Anatsegula diso. Linali lofiira ndi ululu, koma linaona. Kona yachisanu inali pomwepo, ndipo iwo anali kunja kwenikweni kwa msewu.

"Kumanja, yakuthwa! Gonani nayo!"

Anagona nayo onse awiri ngati munthu mmodzi. Botolo linapulumuka m'manja mwa Sakkie n'kugubuduzika. Dzanja lake silinabwerere kuchogwirira. Linakhala pamphumi pa Wynand, m'munsi mwa chisoti, lopingasa ngati ngalande, kuti thukuta lisatsikenso.

"Lankhulani," anatero Sakkie.

"Tawongoka. Bampu. Ina. Mchenga uli kutsogolo, ndilowamo. Tigwa, koma tigwera kumanja."

"Igwani bwino, kabudulayu ndi watsopano."

Matayala analowa mumchenga n'kumira. Njinga inachita ngati yagwidwa ndi dzanja, inayenda pang'ono, n'kugona cham'mbali pafupi ndi thanthwe. Anagwa mopanda ulemu, miyendo itakolana ndi mapedulo.

Mabuleki ankanunkha chopserera. Wynand anadzuka, anamuthandiza Sakkie kukhala tsonga, n'kumuyang'ana ndi diso limodzi lija. Bondo la Sakkie linali litasupuka, magazi pang'ono. Kwina konse kunali bwino.

Anatsuka m'maso ndi theka la botolo lachiwiri. Atafuna kumasula lamba wa chisoti, zala zinakana. Sakkie anamva kachitsulo kakulira, anatambasula dzanja n'kumumasulira. Kenaka anavula malaya, anavulanso vesiti yamkati, n'kuyamba kupukuta dazi la mlamu wake ngati akupukuta mbale. Atatha anaipinda vesitiyo mbali youma, anaiyala pamutupo n'kuimanga mfundo kunkhongo.

"Chipsera chabisika?"

Wynand anakhudza. "Chabisika."

"Ikununkha, koma dokotala sananene za fungo."

Wynand anaimirira n'kuyenda pang'ono kubwerera kumtunda. Mzere wa matayala awo unkaoneka bwino pafumbi. Unachoka pakati pa msewu, n'kupita mowongoka mpaka m'mphepete, pamene miyala ingapo inali itagumuka kumene. Anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene inkafunika.

"Tinafika pafupi bwanji?" anafunsa Sakkie atamva mapazi akubwerera.

Wynand anaganiza zonama, koma anaona kuti munthuyu sanayenere bodza.

"Panatsala malo a nsapato yanu imodzi."

Sakkie anapukuta bondo lake ndi chikhatho.

"Ndimavala nambala leveni," anatero. "Si pafupi kwenikweni."

Anaidzutsa njinga. Tcheni chinali chitagwa, ndipo Sakkie anachibwezera ndi zala zake mosavuta. Makona anayi otsalawo sanakwere. Wynand anagwira chiwongolero, Sakkie anaika dzanja pachishalo chakumbuyo, n'kutsika wapansi mbali ya kuthanthwe, Wynand akutchula mwala uliwonse umene unali panjira.