Bomba la a Abson

A Abson Tembo a ku Chelstone anapuma ntchito mu Juni, ndipo pofika Ogasiti anali atapeza ina: kudikira bomba la nyukiliya. Anaona pa foni mayiko akuluakulu akuopsezana, kenako mayi wina wa magalasi akulangiza kuti likaphulika, munthu adzitsekere m'nyumba masabata awiri mpaka fumbi lakupha litsike. Wina akanagwidwa nthumanzi. Koma a Abson anasangalala ngati mwana wogulidwira njinga. Munthu amene anatha zaka makumi atatu akusunga katundu wa kampani, lero wapezanso choti asunge!

Chipinda chakumbuyo anachisesa okha, uku akuimba nyimbo za kwaya. Mazenera anamata mapulasitiki ndi selotepi mpaka udzudzu unasowa polowera. Anagula tochi, mabatire, machesi, wailesi, ndi ndowa ya chivundikiro imene ntchito yake sitiitchula pagulu. Potuluka ku Misa ankagwira anthu pamkono kuwafotokozera za kumene mphepo idzawombere, moti anzawo anayamba kutulukira khomo lina.

Akazi awo, a Exildah, anaseka mpaka kugwira nthiti. Atapukuta misozi anafunsa kuti nanga madzi akusungawo ndi a anthu angati.

Funsolo linawalasa. Chipinda chakumbuyocho chinali cha Towela, mwana wawo yekhayo. Zaka ziwiri zapitazo Towela anasiya Chikatolika nakwatiwa ndi Meshack, wa mpingo wa Sabata wa ku Woodlands. A Abson ku ukwati sanapondeko, ndipo analetsa kuti dzina la mwanayo litchulidwe m'nyumba mwawo. Kunena zoona ankamusowa koopsa, koma kunyada kunali kutawakhala pakhosi.

"Tili babili chabe," anayankha, osayang'ana akazi awo.

Komabe migolo anadzaza inayi. Akuti migolo ya masiku ano imadontha.

Lachisanu anatengana ndi akazi awo kupita ku msika wa Soweto kukagula ndiwo zouma. Kumeneko a Abson anachita kudzaza msika ndi nkhani ya bomba ndi chipinda chawo chobisalamo. Amayi ogulitsa anawapatsa dzina loti ba Bomba, wina nkupempha kuti amusungire malo pafupi ndi chitseko. A Abson ankangoseka, chipewa chili pambali, akulawa apa ndi apo. Anaitanitsa milamba youma ndi thumba lathunthu la vinkubala, mbozi zouma zimene ankazikonda kuposa nyama. Wogulitsa atatsala pang'ono kumanga thumbalo, a Abson anasiya kutafuna. Anakumbukira kuti a Sabata sadya mbozi, sadyanso nsomba zopanda mamba.

"Bwezani vonse, mayo," anatero.

Mayiyo anawalalatira msika wonse ukumva, kuti akulu ena bomba lawaphulikira kale m'mutu. A Abson anangolandira. Anagula nyemba, mtedza, soya ndi masamba ofutsa, nkumati adotolo anawaletsa mchere wambiri. A Exildah anayang'ana kumbali ataluma nsonga ya chitenje.

M'mawa mwake bambowo anavala suti ndi tayi, m'thumba muli pepala limene anajambulapo njira yachidule yochoka ku Woodlands kufika ku Chelstone. Anauza akazi awo kuti sakupita kukapepesa munthu, iyi ndi nkhani ya chitetezo basi. Poti munthu wopuma ntchito masiku amamusokonekera, anaiwala kuti linali Loweruka. Atafika kwa Towela anapeza geti ili yokhoma, eni nyumba ali ku tchalitchi, ndipo a Sabata akapita sabwerako msanga. Anakhala pa mwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akubwereza mawu awo kwa galu wa nyumba yoyandikana. Kawiri konse ananyamuka kuti azipita, kawiri konse anabwerera pamwala paja.

Galimoto itafika, Meshack anatsika msanga nagwada kupereka moni. Towela anaima pa chitseko cha galimoto, dzanja lili pakamwa. A Abson anaopa kuti akangomuyang'ana kumaso alira, choncho anafunyulula pepala lawo ndi kuwerenga ngati chilengezo cha m'tchalitchi.

"Bomba ikaphulika, mubwele ku Chelstone, njila ni iyi. Manzi aliko, vakudya viliko, kulibe vamene simukudya. Nakonza va bantu folo."

Towela anayamba kuseka, kusekako nkusanduka kulira. Anatsegula chitseko chakumbuyo, nawerama, natulutsa kamtsikana konenepa kovala diresi loyera, kamene kanali kakungodzuka kumene.

"Adadi, simunapende bwino. Tili faivi."

A Abson anabweza pepala lija m'thumba. Chimwemwe ndi manyazi zinawagwira nthawi imodzi, osadziwa choyamba nchiti. Anatambasula manja, Towela nawapatsa mwanayo. Kamwanako kanagwira tayi yawo, nkuwasekerera. Kanali ndi mano anayi kale, ndipo agogo ake sankadziwa dzina lake.