Mphika Wofukulidwa ku Chinsapo

Mavuto anayamba tsiku limene Gilford ankakumba dzenje la chimbudzi chatsopano kuseri kwa nyumba yawo ku Chinsapo. Khasu linagunda chinthu cholimba. Atapalasa ndi manja anaona mphika wadothi wakuda bii, wokhala ndi timizere tokongola m'khosi mwake. M'kati munali timikanda toyera ndi kachitsulo kadzimbiri.

Mkazi wake, Jemima, atangouona anagwira pakamwa.

"Atipeza, bambo a Tina! Awa ndi mankhwala. Wina watikwiririra."

Paja mantha sakhala okha, amafunafuna munthu womuloza chala. Chala chinagwera Mayi Sophie, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda. Mayi ameneyu ndiye ankapemphana mchere ndi Jemima, ndiponso ndiye anamuperekeza kuchipatala pobadwa Tina. Tchimo lake linali loti dzenjelo linali pafupi ndi mpanda wake, komanso ankakonda kusesa m'mamawa anthu asanadzuke.

Jemima anasiya kumupatsa moni. Pampopi nkhani inakula, moti Thandie, mnzake wa Jemima wapakamwa pakuthwa, anamema amayi ena. Anagwirizana kuti Lamlungu masana adzaphwanya mphikawo pakhomo pa Mayi Sophie ndi kumuuza kuti asamuke.

Gilford sizinamusangalatse, koma kutsutsana ndi amayi okwiya ankakuopa kuposa mankhwalawo. Anangovundikira dzenjelo ndi lata, mphika uli momwemo. Mkazi wake sankagonanso tulo, ndipo ankaonda akuona.

"Mayi a Tina," anatero Lachinayi, "ntchito ya fodya yatha ku Kanengo, andipatsa tchuthi. Paja ndinalonjeza tsiku la ukwati wathu kuti ndidzakugonekani ku hotela."

"Lonjezo lija likadali moyo?"

"Linangogona. Konzekani, mawa tikupita ku Blantyre. Tina akakhala kwa azakhali ake ku Kawale."

M'basi, Jemima anatsamira pawindo. Mapiri a Dedza ankaoneka ngati akuyandama mu utsi wa chilimwe. Pa Lizulu ogulitsa anakweza mabeseni a mbatata ndi tomato mpaka m'mawindo, mawu awo akumveka patalipatali, iye akusinza. Kwa nthawi yoyamba chipezekere mphika uja, anagona osadzidzimuka.

Hotela yake inali yaing'ono, koma kwa Jemima inali nyumba ya m'maloto. Nsalu zapabedi zinali zoyera mbee, madzi otentha ankatuluka okha popanda wosonkha moto, ndipo panja maluwa a jakaranda ankathothoka mwakachetechete mpaka bwalo lonse linasanduka lapepo. M'mawa anadzuka n'kuyamba kufunafuna tsache kuseri kwa chitseko.

"Khalani pansi inu," Gilford anaseka. "Kuno osesa alipo. Ntchito yanu lero ndi kumwa tiyi."

Jemima anamwa tiyi wophika wina, miyendo atatambasula, ndipo anamva chisoni chokoma pokumbukira kuti nayenso anali mtsikana.

Loweruka lomwelo analowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Munali mozizira bwino, muli zii. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa ng'oma, makasu osula pamanja ndi nsalu za makungwa a mitengo. Gilford anakakamira pa mikondo, akudzitama kuti agogo ake a ku Ntcheu ankaponya yoposa imeneyo. Jemima anapitirira yekha, kenako anaima chilili.

Kuseri kwa galasi kunali mphika wakuda, timizere take m'khosi tofanana ndendende ndi uja wa ku Chinsapo. Pambali pake panali timikanda toyera.

"Bambo a Tina, bwerani! Watitsatira!"

Bambo wina wogwira ntchito m'menemo, dzina lake Greenwell, anafika n'kufunsa chimene chavuta. Gilford anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za Lamlungu.

"Amayi, khazikani mtima pansi," anatero Bambo Greenwell. "Mukuganiza kuti Chinsapo inayamba ndi malata? Kalekale, mzinda wa Lilongwe usanalotedwe n'komwe, m'mbali mwa mitsinje imeneyo munali midzi. Anthu ankaumba miphika, kusula zitsulo ndi kuvala mikanda. Midzi inatha, dothi linakwirira katundu wawo. Mphika wanuwo uyenera kuti unakwiririka agogo a agogo a mnzanuyo asanabadwe."

Jemima anayang'anitsitsa m'galasimo. M'maso mwake misewu yafumbi ya Chinsapo inazimirira, kunatsala tchire ndi timakumbi tautsi. Anaona mayi atakhala pamthunzi, mwana ali kumsana, akuzunguliza dongo m'manja, akulemba timizere ndi kamtengo uku akung'ung'udza nyimbo. Sanali mfiti. Ankangofuna pophikira ndiwo za ana ake.

"Ndiye tiutani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Musauphwanye, musaugulitse, musapitirizenso kukumba. Mwachita bwino kuusiya pomwe uli. Kadziwitseni a ofesi ya boma yoona za zinthu zakale, ili ku Lilongwe komweko. Zinthu zotere lamulo limaziteteza chifukwa ndi mbiri ya tonse. China ndi ichi: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Anthu ambiri osalakwa, makamaka amasiye ndi okalamba, athamangitsidwa m'nyumba zawo chifukwa cha mantha chabe."

Manyazi anamugwira Jemima mpaka m'mafupa. Atangotuluka analanda foni ya mwamuna wake n'kuimbira Thandie.

"Thandie, mphika uja musaukhudze. Kwa Mayi Sophie musapiteko."

"Iii, akulodzaninso ku Blantyre komweko? Amayi akonzeka kale!"

"Amasuleni nsalu m'chiuno. Ndauona mnzake wa mphikawo, boma likuusunga m'galasi. Mukaphwanya, mukayankha nokha kupolisi."

Mawu oti polisi anachita zimene mawu ena onse akanalephera. Thandie anazizira pomwepo.

Lamlungu atangotsika minibasi, Jemima sanalowe n'komwe m'nyumba mwake. Anazungulira mpanda, buledi wa ku Blantyre ali m'manja.

"Odi kuno!"

Anapeza Mayi Sophie atakhala pamkeka. Pambali pawo panali katundu womangidwa m'zitenje, mapoto ali m'thumba. Jemima anagwada.

"Amayi, ndinakulakwirani. Ndinakunenerani zoipa popanda chifukwa."

"Ndinamva zonse, mwanawe. Mpanda waudzu subisa mawu. Ndimati ndinyamuke lero lomwe ndisanachititsidwe manyazi, koma kumudzi komwe ndimapitako kulibenso wanga."

Jemima analira. Kenako anayamba kumasula yekha mfundo za zitenje zija, mapoto n'kuwabwezera pathandala.

Gilford anakanena ku ofesi ija, ndipo m'sabata yomweyo kunabwera akuluakulu awiri ndi timaburashi ndi kamera. Anafukula mosamala ngati akusambitsa khanda, anthu atadzaza pampanda, Thandie ali patsogolo penipeni. Asananyamule mphikawo, mmodzi anaonetsa Jemima kadzenje kakang'ono m'mphepete mwa kukamwa kwa mphikawo.

"Apa ndi pamene woumbayo anadinda chala, dongo likadali lofewa."

Jemima anaikapo chala chake chachikulu, chinakwana bwinobwino. Anagwira dzanja la Mayi Sophie kuti nawonso aikepo. Mayiwo anaikapo chala, akumwetulira.

"Ameneyu," anatero, "ayenera kuti analinso ndi mnzake wopemphana naye mchere."

Madzulo ake Tina anatumidwa kuseri kwa mpanda ndi kasosala m'manja, ngakhale kuti mchere m'nyumbamo unalimo wodzaza botolo.

Mukapeza miphika, mikanda, zitsulo kapena mafupa akale pokumba, musachite mantha ndipo musaphwanye. Siyani pomwepo, kadziwitseni a boma oona za zinthu zakale. Musaloze mnzanu chala kuti ndi mfiti: ndi mlandu, ndipo mungathamangitse munthu amene anakugwirani dzanja tsiku la mavuto.