Mzere wa pa Msewu wa Pecan

Mayi Odessa Pruitt anatichenjeza tonse atatu tili chiimire pa kauntala ya ofesi ya zisankho, koma palibe anatola mawu awo. Anali atagwira ntchito mmenemo zaka makumi atatu, ndipo ankayankhula ngati munthu wotopa ndi kubwereza zomwezomwezo.

"Ana inu, malire a madera asintha chaka chino. Musanagogode pakhomo la munthu muyambe mwaona mapu atsopano. Ali m'chipinda chachiwiri umo, salipiritsa."

A Terrell Boykin, amene ankayendetsa kampeni yathu, anaseka mpaka kugwira chipewa. "Mayi, ine mchombo wanga uli mu Dera 14 momwemuno. Mapu andiuza chiyani chomwe mapazi angawa sakuchidziwa?"

"Ine ndanena," anatero Mayi Pruitt, n'kutikankhira mulu wa mapepala.

Wachitatu pagulu lathu anali Mayi Lavonne Haskins, namwino amene tinkafuna kuti akatiimire ku nyumba ya maseneta a chigawo chathu. Mpando wa Dera 14 umenewo Seneta Burl Whitcomb anali ataukhalira zaka makumi awiri, ndipo chipinda cha amayi oyembekezera cha m'tauni mwathu chinatsekedwa iye akuyang'ana. Mwana wanga Nyla ndinamuberekera pampando wakumbuyo wa galimoto, mwamuna wanga Cleon akuthamangira kuchipatala cha tauni ina. N'chifukwa chake ndinalowa zandale, ine munthu woopa ngakhale kuyankha foni ya nambala yachilendo.

Chitseko cha chipinda chachiwiricho ndinachiyang'ana ndithu. Koma Nyla anali atayamba kulira, a Terrell anali atatulutsa kale makiyi a galimoto, ndipo ndinachita manyazi kuoneka ngati wodziwa kuposa akuluakulu. Ndinawatsatira.

Kuti dzina la munthu lilowe pa pepala lovotera pamafunika anthu chikwi a m'deramo omusainira. Ine ndinayenda milungu isanu ndikukankha kangolo ka mwana, khomo ndi khomo, kutchalitchi, kochapira zovala, pakhomo la sitolo. Ndinkayang'anitsitsa dzina lililonse, adiresi iliyonse, ndipo wolemba mopindika ndinkamupempha kuti abwereze. Ndinapeza mayina 214. Pansi pa pepala lililonse panali malo anga olumbirira kuti onsewa ndinawaona akusaina, ndipo kuti ineyo wotolera mayina ndimakhala mu Dera 14. Pamenepo ndinkasaina osaganiza n'komwe. Chibadwire ndakhala pa Msewu wa Pecan, ndipo chiyambire kuvota ndavotera mu 14.

Cleon amagwira ntchito kufakitale yokonza nkhuku, ya mlamu wake wa Whitcomb. Madzulo akandipeza nditaviika mapazi m'beseni ankandiseka.

"Olemekezeka abwera! Kodi lamulo loti amuna azidya madzulo mwalikhazikitsa, kapena likadali mu komiti?"

"Poto uyo apo, manja uli nawo."

"Ingosamala, Renita. Akapitawo ayamba kundifunsa ngati iwe uli mkazi wanga."

Tinapereka mayina 1,130. Patatha masiku khumi loya wa Whitcomb anakadandaula, ndipo tinaitanidwa kukaonekera ku komiti ya zisankho. Usiku wonse ndinabwereza mayina a anthu anga m'mutu, kufunafuna amene angakhale kuti anasamuka kapena anasaina kawiri. Sindinapeze.

Loyayo anali mzibambo wofatsa, wa mawu otsika ngati m'busa pamaliro. Sanandifunse za munthu ndi mmodzi yemwe.

"Mayi Tolliver, mumakhala kuti?"

"Pa 408, Msewu wa Pecan."

"Mwakhalapo nthawi yaitali?"

"Ndi nyumba ya malemu mayi anga."

"Pepani nazo. Tayandikirani kuno, mutiwonetse nyumba yanu."

Anatambasula mapu patebulo. Mzere wofiira unatsika pakati penipeni pa msewu wathu, pamene pamadutsa mzere wachikasu wa magalimoto. Nyumba za tsidya linalo, kumene ndimakabwereka shuga, zinali mu 14. Mbali yathu yonse, nyumba khumi ndi ziwiri, anali ataiponya mu Dera 9, pamodzi ndi minda ya thonje ya anthu amene sindinawaonepo. Chala changa chinakaima pamwamba pa denga langa lomwe.

Lamulo lake ndi louma. Wotolera mayina akakhala wa kunja kwa dera, mapepala ake onse amatayidwa, ngakhale osainawo akhale olondola. Anachotsa 214 anga. Anatsala 916. Dzina la Mayi Haskins silinalowe, ndipo Whitcomb anatsala yekha pa pepala lovotera. Mayi Pruitt anali kumbuyo akulemba zokambiranazo, ndipo sanadzutse mutu.

A Terrell anandipeza poimika magalimoto ndikumangirira Nyla pampando wake.

"Anakupatsa zingati?"

"Mwati chiyani, a Terrell?"

"Usandipusitse, mtsikana iwe. Mwamuna wako amadya za nkhuku za Whitcomb. Iwe wosamala uja, woyang'ana kadontho kalikonse, unangoiwala kumene umagona?"

"Si inu munati mapazi anu akudziwa?"

"Ine sindinalumbire pa pepala la munthu. Unalumbira ndiwe."

Mapepala amenewa aliyense amaloledwa kuwaona. Pofika madzulo chithunzi cha pepala langa limodzi chinali chikuyenda m'mafoni, siginecha yanga ndi adiresi atazizunguliza ndi inki. A kwa Whitcomb ankati ndine wakuba chisankho wogwidwa dzanja lili m'thumba. A kwathu, a mbali ya Mayi Haskins, ankati ndine Yudasi. Lamlungu kutchalitchi benchi yanga inangokhala ya ine ndi mwana. Mayi Haskins anandiimbira kamodzi: "Mwanawe, ine ndikudziwa kuti sunachite dala. Koma pakadali pano usabwere ku ofesi, anthu mitima ili m'mwamba." Ndinayembekeza kuti mawu omwewo akawanena pagulu. Sanawanene.

Kenako inayamba kubwera pikapu yotuwa. Inkaima tsidya la msewu, mbali ya 14, injini ili chilirire, magalasi akuda. Ndinasuntha bedi la Nyla kuchoka kuwindo. Ndinasiya kuyanika matewera panja. Ndinaphunzira kusiyanitsa kulira kwa injini imeneyo ndi ya galimoto ya makalata.

Lachisanu masana ndinatsegula chitseko kuti ndilowetse kangolo kamene ndinakasiya pakhonde. Munali nkhuku yodulidwa mutu, ataifunditsa bulangete la Nyla mpaka m'khosi, monga ndimamufunditsira mwini wake. Pansi pake panali chithunzi cha pepala langa lija.

Wapolisi anabwera, anayang'ana, anakanda chibwano. "Mwamuona wasiya izi?"

"Ayi."

"Ndiye n'kovuta, mayi. Nkhuku m'tauni muno ndi za aliyense. Muzikhoma zitseko."

Cleon anafika dzuwa likulowa, akununkha mankhwala otsukira a kufakitale. Anaima pafupi ndi kangoloko n'kusuzumiramo. Kenako ananditambasulira foni yake. Anthu anali akuitanizana kuti mawa Loweruka, eyiti koloko m'mawa, adzakumane pa Msewu wa Pecan kudzaona "pamene bodza limagona." Sindinathe kuzindikira ngati oitanawo anali a Whitcomb kapena a kwathu. Ovomera kubwera anali a mbali zonse, ena mwa iwo anthu amene anandisainira.

"Ndikhala pakhomopa ndi mfuti ya bambo," anatero Cleon. "Tione amene aponde udzu wanga."

"Ndiye akakuwombera? Kapena ukawombera iweyo? Nyla azikakuonera pagalasi la kundende?"

"Ndiye titani, tithawe nyumba ya mayi ako chifukwa cha mzere wa pa pepala? Zitha izi, Renita. Chisankho chikadutsa anthu aiwala."

"Amene anafunditsa nkhuku uja anadziwa bulangete lake, Cleon. Pa chingwe panali mabulangete atatu. Anasankha limene amagona nalo."

Anakhala pa sitepe, nkhope m'manja. Tsidya la msewu Mayi Gaines, amene anandinyamulira Nyla tsiku la maliro a mayi anga, anatseka makatani atationa.

"Ntchito ndiisiya bwanji?" anafunsa motsitsa.

"Usaisiye. Ukagone kwa mchimwene wako, mfutiyo uikhomere m'kabati. Ine ndi mwana tikupita kwa achemwali anga a Marva. Ndi maola asanu, chigawo china, kumene sadziwa kuti 14 n'chiyani."

"Mpaka liti?"

Sindinkadziwa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa sutikesi ya mayi pamwamba pa wadirobu, n'kuyamba ndi zovala za Nyla. Bulangete lija ndinalisiya pakhonde.

"Thira mafuta m'galimoto panopa," ndinamuuza kudzera pawindo. "Akamabwera eyiti koloko adzapeze nyumba yokha. Ife tinyamuka kusanache."