Sukulu ya Kunkhalango

1.
Magazi pa mtengo woyera sabisika. A Kamtedza anayesa kulowetsa chala m'thumba, koma Mayi Gudrun, aphunzitsi, anali ataona kale. Anawamanga bala pamaso pa onse, n'kuwalanda mpeni, n'kuwapatsa wa ana, wobuntha kunsonga. Munthu woti wakalambira pamsewu wa ku Dedza akusema ziboliboli.

2.
Ku Sweden anabwerera ukwati wa mwana wawo, Elube. Atangofika anakadya kwa makolo a mkwati, Torsten, ndipo anali okondwa, anatola nsomba ndi zala, anaseka mokweza, anafotokoza m'Chingelezi chawo chotsatsira malonda mmene Elube ankagulitsira zitumbuwa alibe nsapato, mamina ali chuu, apongozi a Elube anaseka nawo, Torsten anaseka, aliyense anaseka kupatula Elube amene ankangoduladula mbatata yake osaidya

3.
Ababa, ndakupezerani sukulu ya zosemasema. Kunkhalango. Sabata imodzi yokha.
Nanga ukwati?
Si Loweruka lino, ndi linalo. Nthawi ilipo.

4.
Zimene anaphunzira:
mtengo amausema uli wauwisi
mpeni amaukokera kuchifuwa, pang'onopang'ono
kasemasema amene anabwera naye kuchokera kumudzi ndi woopsa, azikhala mu ofesi
phingo ndi mtengo wa manyazi, anthu abwino sadula
pakudya salankhula mokweza

5.
Anaimba foni. Inaitana. Inaleka.
Ali ndi zambiri mwanayu, anadziuza. Nthawi ilipo.

6.
Lachitatu Mayi Gudrun anatulutsa masupuni awiri olumikizidwa ndi unyolo, zonse zosemedwa pa mtengo umodzi. Anati kale mkwati ndi mkwatibwi ankadyera oterewa pa tsiku lawo. A Kamtedza anafunsa ngati angayese. Aphunzitsiwo anawasisita paphewa n'kunena kuti yoteroyo si ntchito ya oyamba kumene, ayambe amaliza kampeni kopakira batala.

Anayesabe, kuseri kwa shedi ya nkhuni, ndi mpeni wa ana uja. Kunkazizira. Unyolo unathyoka. Anayambanso.

7.
Unathyokanso.

8.
Mzimayi wina wa m'kalasi anawapeza atakhala pansi, mapalapala a mtengo ali m'mutu. Anapempha kuwajambula. Anati asamwetulire, akuoneka bwino akakhala choncho.

9.
Loweruka anzawo anapita kukasambira. Iwo anatsala okha m'chipinda chosemera, dzuwa likuwala bwino, ndipo unyolo unavomera, mphete zake zinamasuka imodziimodzi n'kuyamba kugwedera, ndiye akusema ankayeseza mawu okanena paukwati, ine ndine bambo wake wa Elube, mayi ake anatisiya ali wamng'ono, ndinamulera ndi manja awa, kenako anaganiza kuti za manja asadzanene, za zitumbuwa asadzabwerezenso, adzangoimirira, adzathokoza, adzakhala pansi

Nthawi ilipo.

10.
Lamulungu Elube anabwera yekha pagalimoto. Masupuni anawalandira, anati ndi okongola, n'kuwaponya kumpando wakumbuyo. Tsitsi linali lomangidwa mwaluso, lili ndi timaluwa tofota. Dzanja limene linagwira chiwongolero linali ndi mphete ziwiri.

Anayenda mtunda wautali mitengo yokhayokha ikudutsa.

Elube. Ukwati unali liti?
Dzulo.
Anakuperekeza ndani?
Amalume ake a Torsten.

A Kamtedza anayang'ana chala chawo chomangidwa. Elube sanachepetse liwiro. Anafotokoza, ngati akunena za nyengo, kuti anthu anafunsa, ndipo iye anawauza kuti ababa adwala chifuwa, kuzizira kwawapweteka. Apongozi anadandaula kwambiri. Panopa akudikira kunyumba ndi tiyi wotentha.

Tikafika musandichititse manyazi, ababa.

Anafika. Apongozi aakazi anathamangira pakhomo atanyamula bulangeti, nkhope yodzaza chisoni. Elube anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake.

A Kamtedza anatsokomola.